"Amenewo si mawu, achimwene, ndi sampulo": kuunika mndandanda wa nyimbo za pamakina

Mwezi wathawu, ndili pakalikiliki kulemba pepala langa la kamvekedwe ka aneni a m'Chichewa, mphwanga wina, mwana wa bambo aang'ono, ananditumizira mndandanda wa nyimbo pa WhatsApp. Mnyamatayu amachita udijeyi m'maukwati ndi m'mapate ku Blantyre, ndipo khutu ali nalo ndithu. Nyimbo zinalipo 24, zonse za mtundu umene Angerezi amati electronic, umene ambiri kwathu kuno timangoti nyimbo za pa kompyuta. Pamwamba pake analemba m'Chingerezi kuti ndi nyimbo zopanda mawu, zomvera powerenga. M'munsi anawonjezera kauthenga: "Achimwene, izi zikutsegulani mutu. Musheyeko kwa anzanu, tiziwasapota oimbawa."

Ndinavala mahedifoni n'kuyamba kulemba. Nyimbo zisanu ndi imodzi zoyamba zinadutsa bwinobwino. Itafika yachisanu ndi chiwiri, cholembera chinaima chokha. Pansi pa ng'oma za makina panali mawu a anthu, maphatikizo awiri kapena atatu akubwerezedwabwerezedwa, ndipo khutu langa linazindikira kuti ndi akwathu ndisanadziwe n'komwe chimene akunena. Ndinamuimbira foni.

"Iwe, pa nambala 7 paja pali anthu akuimba."

"Aaa, amenewo si mawu, achimwene. Ndi sampulo chabe."

Yankho limeneli ndilo landilembetsa nkhaniyi. Mndandandawo ndi wabwino, ndipo ubwino wake ndiunena. Koma mutu wake ukunama, ndipo bodzalo likufooketsa malonjezo ake onse awiri: loti nyimbozi zitsegula mutu, ndi loti pozifalitsa tikuthandiza eni ake.

Zimene wachita bwino

Kusanja mndandanda wa nyimbo kuli ngati kusonkhanitsa ndakatulo za anthu osiyanasiyana m'buku limodzi. Wosanjayo sanapeke ngakhale imodzi, koma dongosolo lake limayankhula. Mphwanga wayamba ndi Brian Eno wa ku England, kuchokera m'chimbale cha Music for Airports cha mu 1978, nyimbo zoyenda pang'onopang'ono zosafuna kuti uziziganizira. Yotsatira ndi ya Mamman Sani wa ku Niger, yemwe anajambula kaseti ya nyimbo za pa ogani yamagetsi m'chaka chomwecho cha 1978, kaseti imene kampani ya Sahel Sounds inadzaitulutsanso mu 2013. Kenako pakubwera Francis Bebey wa ku Cameroon, yemwe m'zaka za m'ma 1970 anali atayamba kale kusakaniza synthesizer ndi makina oliza ng'oma pamodzi ndi zoimbira zakwawo, ali ku Paris.

Kuika atatuwa moyandikana ndi phunziro pakokha. Wachinyamata amene amaganiza kuti nyimbo zamtunduwu zinafika mu Africa ndi amapiano, pamenepa aona kuti agogo ake anali momwemo kalekale. Dongosololi likuonetsanso kuti dzina lathu lija loti "nyimbo za pa kompyuta" ndi loperewera. Eno anagwiritsa ntchito matepi ozungulira, Mamman Sani ogani, kompyuta panalibe. Tikati "nyimbo zamagetsi" ndiye talowetsamo ndi gitala ya bandi iliyonse. Ine ndasankha kuti "nyimbo za pamakina", ngakhale ndikudziwa kuti dzina silikhazikika chifukwa choti wina walisankha. Limakhazikika anthu akayamba kulitchula m'minibasi.

Chapakati pali Autobahn ya gulu la Kraftwerk la ku Düsseldorf, ya mu 1974, yotalika mphindi zoposa 22. Chakumapeto liwiro likukwera. Pali Shangaan electro ya Nozinja wa ku Limpopo, yothamanga pafupifupi mabiti 180 pa mphindi, imene anthu akunja anaidziwa kudzera m'chimbale chimene Honest Jon's ya ku London inatulutsa mu 2010. Yotsekera ndi singeli ya ku Dar es Salaam, kuchokera m'chimbale cha Sounds of Sisso chimene Nyege Nyege Tapes ya ku Kampala inatulutsa mu 2017. Munthu amene angawerenge buku singeli ikulira, ameneyo ndimuvulira chipewa. Koma monga ulendo wa khutu, kuchoka pa bata kufika pa fumbi, mndandandawu wayenda mwaluso.

Mawu, liwu ndi kumva

Nditabwereranso poyamba n'kumvetsera ndi pepala m'manja, ndinapeza kuti nyimbo 9 mwa 24 zija zili ndi anthu akuyankhula kapena kuimba chiyankhulo chenicheni: Chijeremani, Chifalansa, Chitsonga, Chiswahili, ndi zina. Nditamufunsa za Kraftwerk, mphwanga anavomera kuti muli mawu, n'kunena kuti, "Komatu Chijeremanicho ine sindimva."

Chiganizo chimenechi tichiyang'ane bwino. Mneni woti "kumva" m'Chichewa amasenza katundu wambiri. Timamva phokoso ndi khutu, timamva chiyankhulo ndi mutu, timamva kuwawa ndi thupi, ndipo mwana wosamva si wogontha ayi. Dzina loti "mawu" nalonso ndi lotakata: ndi zimene timalemba, ndi zimene zimatuluka pakhosi ("ali ndi mawu okoma"), komanso ndi kulira kwa wailesi ("kweza mawu"). Choncho "nyimbo zopanda mawu" ikhoza kukhala nyimbo yopanda munthu woimba, kapena yokhala ndi munthu wong'ung'udza chabe osatchula kanthu. Mphwanga wawonjezera tanthauzo lachitatu mosadziwa: nyimbo yokhala ndi mawu amene iyeyo sakuwamva. Khutu likumva, mutu sukumva, ndiye wagamula kuti mawuwo kulibe.

Kwa Chijeremani, chigamulo chimenechi sichivulaza aliyense. A Kraftwerk dzina lawo lili pachikuto, ndipo aliyense akudziwa chiyankhulo chawo. Vuto lili pa nambala 7, pamene iye mwini, mwana wa Chichewa, wamva mawu akwawo n'kuwatcha chida choimbira.

Nyimboyo ndi ya m'chimbale cha Beating Heart – Malawi cha mu 2016. Pokonza chimbalechi, akatswiri a nyimbo za pamakina anapatsidwa nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula kuno dziko likutchedwa Nyasaland, kuti apangepo zatsopano. Zojambulazo zimasungidwa ku International Library of African Music, nkhokwe imene Tracey anaikhazikitsa mu 1954, yomwe lero ili ku Rhodes University ku South Africa. Ntchitoyi siinali yakuba. Inachitika mogwirizana ndi nkhokweyo, ndipo gwero la mawuwo silinabisidwe. Funso langa lili pena: n'chiyani chimachitikira chiyankhulo chikadutsa m'makina, mpaka mwini wake kulephera kuchizindikira?

Zimene makina amachita pa chiyankhulo

Wokonza nyimbo akatenga mawu ojambulidwa kale, kawirikawiri amachita zinthu zitatu: amadula, amabwereza, ndipo amakweza kapena kutsitsa liwu. Chilichonse mwa zitatuzi chimagunda pa mfundo ina ya chiyankhulo chathu.

Choyamba, kudula. Maphatikizo a Chichewa pafupifupi onse amathera pa lembo la liwu: ku-tha-ndi-za, nyi-mbo. Kwa wodula, izi n'zokoma, chifukwa chidutswa chilichonse chimayamba ndi kugunda n'kuthera poyera, ngati ng'oma yaing'ono. Koma liwu la Chichewa ndi mtolo wa tizidutswa ta tanthauzo. Mu "sindidzakuiwalani" muli kukana, mwininkhani, nthawi, pamtherankhani, tsinde ndi ulemu, zonse m'liwu limodzi. Mukadula phatikizo loyamba lokha, lonjezo lasanduka chiopsezo. Mukatenga "wala" wapakatiyo, mwapeza mneni wina amene woyankhulayo sanamuganizire n'komwe. Chidutswa chikafupika kwambiri, chimene chimatsala ndi kaonekedwe ka banja la chiyankhulo basi: maphatikizo otseguka, "mb" ndi "nd" zoyambira m'mphuno, ndi kutalikitsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Zizindikiro zimenezi ndi zimene zinaimitsa cholembera changa. Koma Chitumbuka nacho chili nazo zonsezi, ndipo Tracey anajambula Achewa, Amang'anja, Atumbuka, Atonga ndi ena. Kudula kukafika pamenepo, khutu limangoti "akwathu", osatha kunena kuti a kuti.

Chachiwiri, kubwereza. Kwa wokonza nyimbo, kubwereza kachidutswa ndi njira yomangira biti. Kwa ife, kubwereza ndi lamulo la chiyankhulo. Kuyenda ndi kuyendayenda n'zosiyana. Mkazi woyendayenda sitimutamanda. "Pang'ono" ndi kuchuluka kwa chinthu, "pang'onopang'ono" ndi kachitidwe kake. Choncho makina akabwereza maphatikizo awiri, khutu la Chichewa limayesa kupezamo tanthauzo, lifune lisafune. N'chifukwa chake nyimbo imene imathandiza Mjeremani kuwerenga ine inandisokoneza. Lonjezo loti "zitsegula mutu" limadalira mutu wa ndani.

Chachitatu, ndipo chachikulu, ndi kusintha liwu. Chichewa chimasiyanitsa matanthauzo pokweza ndi kutsitsa liwu, ngakhale kuti kalembedwe kathu ka masiku onse sikaonetsa zimenezi. Pano ndiika kachizindikiro pamwamba pa phatikizo lokwera. Mténgo ndi wa m'nkhalango, mtengo ndi wa pamsika. Khúngu ndi kusaona, khungú ndi la pathupi. Mwa aneni ndiye zimafika povuta: ndímathandíza ndi chizolowezi cha masiku onse, pomwe ndimathándiza ndi zimene zinkachitika nthawi yapita. Amene akufuna kuzama pa zimenezi aone buku la Laura Downing ndi Al Mtenje la mu 2017, The Phonology of Chichewa.

Tsono wokonza nyimbo akakweza chiganizo chonse pamodzi, agogo n'kumamveka ngati kamwana, tanthauzo limapulumuka, chifukwa chofunika si kutalika kwa liwu palokha koma kusiyana kwa phatikizo ndi linzake. Koma akaika phatikizo lililonse pa batani lakelake la kiyibodi n'kumaliza monga akufunira, kamvekedwe kachiyankhulo kafa. Wina anena kuti ngakhale oimba athu amapotoza kamvekedwe ka mawu kuti agwirizane ndi chuni, makamaka m'nyimbo za kutchalitchi zimene chuni chake chinachokera kunja. N'zoona. Koma kumeneko chiganizo chonse chilipo, ndipo mawu oyandikana amatiuza ngati ndi mtengo wodula ndi nkhwangwa kapena wodula pamsika. M'sampulo ya maphatikizo awiri, mboni zonse zachotsedwa.

Sindikunena kuti kuchita zimenezi ndi tchimo. Nyimbo ya nambala 7 ndi yokoma, ndipo ndaimvera kangapo. Ndikungonena kuti mphwanga sanalakwe khutu ponena kuti "si mawu". Makina anagwira ntchito yowachotsa umawu. Chimene analakwa ndi kuiwala kuti asanakhale sampulo anali mawu, ndipo anatuluka pakamwa pa munthu wokhala ndi dzina ndi mudzi.

Dzina likatayika

Kuopsa kwa kuiwala kumeneku kuli m'mndandanda womwewu, pa nambala 15: Sweet Lullaby ya gulu la Deep Forest la ku France, ya mu 1992. Mawu a m'nyimboyi ndi a mayi wotchedwa Afunakwa, akuimba nyimbo yotonthoza mwana m'chiyankhulo cha Baegu cha pa chilumba cha Malaita ku Solomon Islands, kunyanja ya Pacific. Anamujambula ndi katswiri wofufuza za nyimbo Hugo Zemp, ndipo bungwe la UNESCO linatulutsa zojambulazo. Koma poti chimbale cha Deep Forest chinatchuka ndi nkhani ya anthu a m'nkhalango za pakati pa Africa, omvera ambiri anangoganiza kuti mawuwo ndi a kumeneko. Mu 1996 woimba saxophone wa ku Norway, Jan Garbarek, anajambula chuni chomwecho n'kuchitcha Pygmy Lullaby. Nyimbo ya ku Pacific inasanduka ya mu Africa, mayi uja n'kusanduka "mwambo". Steven Feld analemba mbiri yonseyi mu 2000. Palibe amene anachita kukhala pansi kuti aname. Aliyense ankangolandira mawu amene sakuwamva, n'kuwapatsira mnzake opanda dzina.

Yerekezani ndi nambala 12, nyimbo ya The Very Best. Gululi linabadwa pamene Esau Mwamwaya, Mmalawi yemwe ankagulitsa katundu wakale mu shopu ku London, anakumana ndi akatswiri a makina otchedwa Radioclit. Nyimbo zawo zoyamba, za mu 2008, zinatuluka ndi dzina la Esau pamutu penipeni, ndipo mu 2009 anatulutsa chimbale cha Warm Heart of Africa. Makina ndi omwewo, ng'oma ndi zamagetsi zomwezo, koma pano Chichewa chikuyenda ziganizo zathunthu, mpweya wa woimba ukumveka pamene chiganizo chikuthera. Mphwanga anaiika nayonso pansi pa mutu woti "zopanda mawu". Apa ndiye ndinamuseka, iye n'kuvomera kuti anangoikonda biti.

Kusheya, kugawana ndi kufupa

Tibwere ku lonjezo lachiwiri, loti tikamafalitsa mndandandawu ndiye kuti tikuthandiza oimba. Taonani aneni amene mphwanga anagwiritsa ntchito: kusheya ndi kusapota, onse obwereka. Ena amadana ndi mawu otere, amati tili ndi athu. Ine ndikuona kuti "kusheya" walowa chifukwa panali mpata. Tsinde lathu la -gawa, ngakhale mulisinthe bwanji, kugawira, kugawana, kugawidwa, limanena za chinthu chimene chimachepa. Ndikakugawira nsima, yanga yachepa. Akuluakulu poti kupatsa n'kuika ankadziwa kuti wopatsayo wataya kanthu lero. Koma ndikakutumizira nyimbo pa foni, yanga ili chikhalire. Chichewa chinalibe mneni wa kupatsa kosataya kanthu, ndiye achinyamata anabwereka. Kubwerekako n'kolondola. Cholakwika ndi kuganiza kuti wosheya ali ndi ulemu wofanana ndi wa wogawira.

Nanga woimba amapezapo chiyani? Spotify, imene inayamba kupezeka m'Malawi mu 2021, siilipira mtengo wokhazikika pa kumvera kulikonse. Imasonkhanitsa ndalama pamodzi n'kugawira eni umwini wa nyimbo molingana ndi gawo lawo pa kumvera konse. Kuyambira mu 2024, nyimbo imene siinamvedwe kokwana ka 1,000 m'miyezi 12 siiwerengedwa n'komwe pa kugawako. Apa mphwanga ali ndi mfundo: mndandanda wofalikira ukhoza kukankha nyimbo ya woimba wamng'ono kuti idutse mzere umenewu. Si zachabe ayi. Koma n'zochepa, ndipo zimatheka pokhapokha anthu akumvera pamalo amene amawerengera. Nyimbo zikangotsitsidwa n'kumayenda pa WhatsApp, kapena kubenedwa mu memori pamsika, ndalama imathera kwa wobena ndi wogulitsa bandulo. Bungwe la COSOMA, limene lakhala likutolera ndalama za oimba kuyambira mu 1992, silingaone zimene zikuyenda kuchoka pa foni kupita pa foni.

Mneni wa kuthandiza waluso tili naye kale, ndipo si wobwereka: kufupa. Pa gule kapena paukwati, wina akavina mogometsa, umadzuka, n'kupita pamaso pa anthu, n'kuponya kangachepe. Onani pamtherankhani wake. Timasheya nyimbo, koma timafupa munthu. Sungafupe munthu amene sukumuona, ndipo sungafupe popanda thumba lako kupepuka. Pa intaneti, chinthu choyandikira kufupa ndi kugula mwachindunji pa malo ngati Bandcamp, amene amatengapo 15 peresenti pa nyimbo yogulidwa, yotsalayo n'kupita kwa woimba kapena kampani yake. Mu Malichi 2020, mliri wa Covid-19 utatseka madansi, anayambitsanso masiku a Lachisanu amene satengapo gawo lawolo. Ndikudziwa kuti kwa wophunzira wa kuno, kulipira ndi khadi m'ndalama zakunja si nkhani yamasewera. Koma kwa woimba wakwathu njira ilipo yapafupi: tikiti ya pakhomo pa shoo, kapena Airtel Money ndi Mpamba.

Nanga amayi ndi abambo a pa nambala 7, amene anaimba zaka zoposa 60 zapitazo, tingawafupe bwanji? Ndalama sizingawapeze. Chotsala ndi dzina. Tracey polemba zojambula zake ankasunga chiyankhulo, malo, ndipo nthawi zambiri maina a oimba. Kampani ya SWP Records inatulutsanso zina mwa nyimbo za kuno za mu 1950, 1957 ndi 1958 pamodzi ndi mafotokozedwe ake. Zolembedwazo zilipo. Zimatayika pa sitepe yomaliza, pamene nyimbo yalowa m'mndandanda n'kutsala ndi mutu ndi dzina la wokonza biti basi. Sitepe imeneyo ili m'manja mwa anthu ngati mphwanga, ndi ine, ndi inu.

Choncho ndinamupempha zinthu zitatu. Asinthe mutu uja. Pa nyimbo iliyonse yokhala ndi munthu, alembe chiyankhulo chake ndi dzina la mwini mawu, osati la wokonza yekha. Ndipo aonetse kumene munthu wofuna kufupa angapite. Anadandaula kuti, "Achimwene, mwasandutsa pleyilisiti kukhala asayimenti." Koma patatha masiku anayi anatumiza wina. Pa nambala 15 panalembedwa Afunakwa, Baegu, Malaita. Pa nambala 12, Esau Mwamwaya, Chichewa. Pa nambala 7 anangoika mzere wopanda kanthu ndi mawu oti "ndikufufuzabe", ndipo mzere umenewo ndaukonda kuposa mutu wakale uja, chifukwa ukuvomereza kuti pamenepo pali munthu.

M'munsi analemba kuti, "Mwaonatu, ine ndimathandiza oimba." Ndinamuyankha kuti anditumizire ndi mawu apakamwa, ndimve pamene liwu likukwera.